Shuga akufuna ndiziyenda, fibromyalgia ikufuna ndigone: mmene ndinapezera muyeso wanga

Matenda awiri amene ndili nawo amafuna zinthu zotsutsana. Shuga amafuna kuti thupi lisakhale phee, liziyenda tsiku ndi tsiku, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi n'kumugwiritsa ntchito. Fibromyalgia nayo, matenda a ululu wokhalitsa wa thupi lonse, ndikangopyola muyeso pang'ono, imandigoneka pamphasa thupi lonse likuphwanya, ndipo masiku amene ndagonawo ndi amene shuga amakwera. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena, makamaka amayi anzanga, amene apanikizika pakati pa matenda awiriwa, ndipo malangizo amene amamva amakhala a matenda amodzi okha.

Ndine telala, ndimakhala ku Blantyre, ndipo zaka zanga zapitirira 45. Anayamba kundipeza ndi shuga, wa mtundu wachiwiri, uja amakonda kubwera munthu atakula kale. Ameneyu sanavute kumuzindikira: ludzu losatha, kudzukadzuka usiku kukataya madzi, kuwonda, kenaka kadontho ka magazi a pachala pakamakina, nambala n'kuonekera. Komanso ndi matenda amene aliyense anawamvapo. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi shuga wokwera. Anandiyambitsa mapiritsi a metformin, pambuyo pake n'kuwonjezera glibenclamide.

Fibromyalgia ndiyo inatenga nthawi. Thupi linkaphwanya ngati malungo, koma akayeza malungo, mulibe. Khosi, mapewa, msana, chiuno, ntchafu, konseko kuwawa, lero uku mawa uku. Ndinkagona usiku wonse koma kudzuka wotopa kuposa mmene ndinagonera. Mutu unkachita chifunga, moti ndinkatha kumuyeza kasitomala chiuno, n'kuiwala nambala ndisanailembe m'kope. Kuchipatala ena ankati ndi shuga yemweyo, ena ankati ndi maganizo. Kunyumba ankati ndi nyamakazi, ndipo achibale ena anayamba kunong'onezana kuti pali dzanja la munthu. Chimene chinkandipweteka koposa ululuwo chinali choti pamaso ndinkaoneka wabwinobwino, kotero amene sankandidziwa bwino ankaona ngati ndayamba ulesi.

Dokotala amene anandithandiza anachita chinthu chimodzi chimene ena sankachita: anakhala pansi n'kundifunsa mwachifatse. Ululu unayamba liti? Uli mbali zonse ziwiri za thupi? Mumagona bwanji? Mfundo za m'manja zimatupa? Kenaka anayeza magazi kuti aone ngati si chithokomiro, si nyamakazi yotupitsa mfundo ija, komanso ngati vitamini B12 sanachepe, pakuti metformin ukamumwa zaka zambiri amatha kumuchepetsa, mitsempha n'kuyamba kuvuta. Zonsezo zitatuluka bwino, anandiuza dzina la matendawa. Anati palibe magazi kapena chithunzi chimene chimaonetsa fibromyalgia. Amaizindikira ndi ululu wa thupi lonse umene wapitirira miyezi 3, kutopa, tulo tosapumitsa ndi chifunga cha m'mutu chija. Kale, kuyambira mu 1990, madokotala ankadina malo 18 pathupi n'kuwerenga ngati 11 akupweteka, koma kuchokera mu 2010 njira imeneyo anayamba kuisiya.

Anandifotokozeranso kuti minofu yanga siinang'ambike, mafupa sanadyeke. Vuto lili m'mene ubongo ndi mitsempha zimamvera ululu. Zili ngati galu wa pakhomo amene amauwa tsamba likangogwa mumtengo, ngati kuti kwabwera wakuba. Kuuwako n'koona, kukusowetsa tulo n'koona, koma panja palibe amene akuthyola chitseko. Mawu amenewa ndi amene anandimasula kuti ndiyambe kuyenda, chifukwa m'mbuyo monsemo ndinkaganiza kuti ululu uliwonse ukundiuza kuti ndikuwononga thupi.

Pali chinthu chimene munthu wa matenda onse awiri ayenera kuphunzira kusiyanitsa. Shuga naye amawononga mitsempha, koma ululu wake umayambira kunsonga: zala za kumapazi ndi kupazi kunsi, mapazi onse awiri, kutentha ngati waponda phulusa lamoto, kulasalasa, dzanzi, makamaka usiku. Wa fibromyalgia umakhala m'kati mwa minofu ndipo umasamukasamuka. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa ululu wa fibromyalgia ukhoza kuyenda nawo osavulala, pamene phazi la dzanzi likhoza kubayidwa ndi msomali iwe osamva. Ine ndili ndi dzanzi pang'ono kuzala za kumapazi, ndiye ndimasamala zonse ziwiri.

Langizo loyamba limene ndinalandira kuchipatala pa tsiku loonana ndi odwala shuga linali lodziwika lija: yendani mwandawala mphindi 30 patsiku, masiku 5 pa sabata. Langizoli si labodza. WHO imanena kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo kwa wodwala shuga yekha n'zothandiza kwambiri. Koma thupi la fibromyalgia silingayambire pamenepo. Nditatsatira, ululu sunabwere pamsewu ayi. Unabwera mawa lake ndi mkuja, wochuluka moti kutembenuka pabedi kunali ntchito. Ndi mmene matendawa amachitira: amakulola lero, n'kudzakulipiritsa mawa. Ukachira umaona kuti ntchito zaunjikana, umazigwira zonse tsiku limodzi, ndipo umagwanso. Anthu ambiri amene ndakumana nawo amazungulira momwemu mpaka kufika ponena kuti zolimbitsa thupi si za iwo.

Amene anandichotsa m'menemo ndi mtsikana wa mafizo, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandifunsa kuti, "Mayi, tsiku limene thupi lavuta, mungayende mphindi zingati osadzagona nazo mawa lake?"

Ndinati mwina 6 kapena 7.

"Ndiye muziyenda 5," anatero. "Tsiku loipa, 5. Tsiku labwino, 5 zomwezo. Mukamva kuti mphamvu zilipo zoti mupitirire, pamenepo ndiye pobwerera."

Ndinamuuza kuti, "Mwanangu, mphindi 5 zingatsitse shuga wa munthu?" Iye anati tiyambe kaye taphunzitsa thupi kuti kuyenda si ngozi, shuga atsatira pambuyo. Anandiuzanso kuti bungwe la madokotala a nyamakazi ku Europe, lotchedwa EULAR, litaunika njira zonse zothandizira fibromyalgia m'malangizo ake a 2017, linapeza kuti njira imodzi yokha imene lingailimbikitse mwamphamvu ndi zolimbitsa thupi, kuposa mankhwala alionse. Zinandidabwitsa, chifukwa ndinkayembekezera kuti chithandizo chenicheni chikhala m'botolo.

Lamulo la tsiku labwino lija ndi limene lili lovuta kusunga, ndipo ndi limene ndikufuna kuti mulimvetse koposa zonse zimene ndalemba pano. Tsiku loipa sulimbana ndi mtima, thupi lokha limakuletsa. Koma tsiku limene wadzuka wopepuka, dzuwa lawala, miyendo ikumvera, mtima umati lero ndibwezere masiku onse amene ndinagona. Kubwerera kunyumba mphamvu zikadalipo kumaoneka ngati kuwononga mwayi. Chimene ndinaona n'chakuti mphamvu zimene wasunga tsiku limenelo ndi zimene zimakuyendetsa mawa, ndipo kwa wodwala shuga mawalo ndi lofunika kwambiri. Munthu ukayenda, thupi limamvera bwino insulin, michere imene imalowetsa shuga m'minofu, kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenaka phindulo limazilala. N'chifukwa chake madokotala a shuga amati pasamadutse masiku opitirira awiri otsatizana usanachite kanthu. Kuyenda ola lathunthu Lolemba n'kugona mpaka Lachisanu kumaluza mbali zonse ziwiri. Mphindi zochepa tsiku lililonse zimagwirizana ndi matenda onse awiri.

Tinkawonjezera mphindi imodzi kapena ziwiri pakatha sabata kapena masabata awiri, ndipo pokhapokha ngati muyeso wakalewo sunandigoneke. Ululu ukawonjezeka pang'ono n'kutha pofika mawa, tinkati zili bwino, thupi likuzolowera. Ukapitirira tsiku lathunthu uli wokwera, tinkabwerera pa muyeso wam'mbuyo. Liwiro lake ndi loti ukhoza kucheza ndi mnzako koma sungathe kuimba nyimbo. Ukayamba kupuma wefuwefu osatha kumaliza chiganizo, wathamanga. Panopa ndimayenda mphindi 10 katatu patsiku masiku ambiri, ndipo kufika pamenepo kunatenga miyezi yambiri. Kudula ulendo m'zidutswa kunandithandiza kuposa kuuyenda wonse nthawi imodzi, ndipo kwa shuga mphindizo zimawerengedwa chimodzimodzi.

Nthawi yake ndinaisankha poona matenda onse awiri. M'mamawa thupi la fibromyalgia limakhala louma gwa, ndipo m'mimba mumakhala mulibe kanthu, zimene si zabwino kwa munthu womwa glibenclamide. Ndiye ndimayamba ndasamba madzi ofunda, kuwongola khosi ndi mapewa pang'onopang'ono, kudya, kenaka kutuluka. Kuyenda ukangotha kudya, pakapita mphindi 15 kapena 30, kumachepetsa kukwera kwa shuga kumene kumabwera chifukwa cha chakudyacho. Ndinadzionera ndekha pakamakina: nsima yomweyo, ndiwo zomwezo, koma tsiku limene ndayenda pambuyo pa nkhomaliro nambala imakhala yotsikirapo kusiyana ndi tsiku limene ndangobwerera pamakina osokera. Kwathu kuno n'kwa zitunda, ndiye ndinayamba ndi kanjira kosakwera, kozungulira pafupi ndi nyumba, kuti zikavuta ndisakhale kutali. Kutsetsereka ndi kumene kumapweteketsa ntchafu mawa lake kuposa kukwera, zimene anthu ambiri saziganizira.

Tsopano nkhani imene imandidetsa nkhawa ndikaganiza za anzanga: kutsika kwa shuga. Metformin payekha sakonda kutsitsa shuga mopyola. Koma glibenclamide ndi jakisoni wa insulin zimatero, makamaka ukayenda kapena kugwira ntchito yolemetsa usanadye, ndipo kutsikako kukhoza kubwera patapita maola, ngakhale usiku uli m'tulo. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, mtima kugunda, kufooka, kusokonezeka mutu. Vuto ndi lakuti kufooka ndi kusokonezeka mutu ndi zinthu zimene munthu wa fibromyalgia amakhala nazo kale. N'kosavuta kunena kuti aa, ndi chifunga chija, ndikhale pansi chidutsa, pamene shuga akugwa. Ndinaphunzira kuti chifunga cha fibromyalgia chimabwera mwakachetechete ndipo chimakhalitsa, pamene shuga akatsika zimabwera mwadzidzidzi, thukuta ndi kunjenjemera zili pomwepo. Komabe sindidalira kumva kwa thupi kokha. Ndikakayika ndimayeza. Ngati kamakina kali kutali kapena masitiripi, timapepala toyezera tija, atha, ndimachita ngati shuga watsika, chifukwa supuni zochepa za shuga sizingandiphe, koma kukomoka pamsewu kukhoza.

Nambala yoti muisunge pamtima ndi 3.9 ngati kamakina kanu kamawerenga mu mmol/L, kapena 70 ngati kamawerenga mu mg/dL. Mitundu yonse iwiri imapezeka kuno, ndipo kusintha kwake n'kuchulukitsa kapena kugawa ndi 18. Pansi pa nambala imeneyi shuga watsika. Imwani magalamu 15 a zotsekemera zolowa msanga: masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola wamba, osati uja wopanda shuga. Dikirani mphindi 15, yezaninso, ngati sanakwere bwerezani. Akakwera idyani chakudya chokhalitsa, monga buledi kapena nthochi, chifukwa glibenclamide amakhala nthawi yaitali m'thupi ndipo shuga akhoza kutsikanso. Ine sindituluka pakhomo popanda maswiti omanga pansonga ya chitenje ndi kapepala m'thumba kolemba kuti ndimadwala shuga, mankhwala amene ndimamwa, ndi nambala ya foni ya bambo a kunyumba. A m'nyumba mwanga onse amadziwa kuti munthu akakomoka samumwetsa kanthu, angatsamwe. Amathamanga naye kuchipatala. Dokotala wanga anandilangizanso kuti ndikayeza ndisananyamuke n'kupeza pansi pa 5.5, ndiyambe ndadya kanthu kakang'ono, ndipo shuga akakwera kwambiri thupi n'kumamveka kudwala, ludzu ndi mseru, tsiku limenelo si loyenda koma lopita kuchipatala.

Masitiripi ndi odula, izi sindingabise. Sindiyeza tsiku lililonse. Ndimawasungira nthawi imene ndikusintha chinthu: ndikawonjezera mphindi, akandisinthira mankhwala, kapena ndikadwala. Ndimalemba m'kakope nambala ya shuga, mphindi zimene ndayenda, ndi mmene thupi linadzukira mawa lake. Kakope kameneka ndi kamene kanachititsa dokotala kundichepetsera glibenclamide ataona kuti masana shuga wayamba kutsikatsika. Ngati mwayamba kuyenda, muuzeni amene amakulemberani mankhwala, chifukwa muyeso umene unali woyenera pamene munkangokhala ukhoza kukhala wochuluka tsopano.

Malangizo ambiri a zolimbitsa thupi amalembedwa ngati kuti munthu amangokhala pampando tsiku lonse. Mayi wa kuno amasesa, kukolopa chowerama, kuchapa pamanja, kunyamula ndowa madzi akasiya kutuluka pampopi, kupita kuchigayo, kukwera chitunda kuchokera pa siteji ya minibasi katundu ali kumutu. Zonsezi thupi limaziwerenga. Tsiku lochapa zofunda si tsiku lowonjezera mphindi zoyenda. Ndinasiya kuchapa zovala za sabata yonse Loweruka. Ndimachapa zochepa masiku angapo, beseni lili patebulo kuti ndisawerame. Ndinagula mopu wa mtengo wautali. Ndowa yaikulu ndinaisiyira anyamata, ine ndimanyamula yaing'ono. Zinthu zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma ndi zimene zinandisiyira mphamvu zoyendera.

Povuta kwambiri ndi pamaliro ndi paukwati. Mayi amayembekezeka kukhala kumoto, kuvundula nsima m'mapoto aakulu, kugona pansi m'nyumba ya siwa, kuchezera usiku wonse ndi nyimbo. Chakudya chimachedwa, ndipo chikabwera ndi nsima yoyera yambiri kapena mpunga, ndi zakumwa zotsekemera. Kwa ine zinthu zimenezi pamodzi, kusagona, kuzizidwa, kuima nthawi yaitali ndi kudumpha chakudya mankhwala nditamwa, ndi zimene zimadzutsa matenda onse awiri. Kusapita sikutheka, ndipo sindifunanso kusapita. Maliro ndi athu tonse. Ndiye ndinakhala pansi ndi apongozi anga aakazi n'kuwauza kuti, "Amayi, sikuti ndikuthawa ntchito. Ndizibwera, ndizisadzula ndiwo ndi kusenda anyezi nditakhala pansi, koma mthiko wa poto wamkulu ndi kuchezera sindingathe." Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Bola mwanena, mayi a ana. Tinkangoona ngati mwatitaya." Kuyambira pamenepo ndi iwo amene amandiyankhira ena akayamba kulankhula. Ndimatenga kachakudya kanga m'chikwama, mtedza wokazinga kapena nthochi, ndipo usiku ndimakagona kunyumba n'kulawirira m'mawa.

Mapazi ndimawayang'ana madzulo alionse, pamwamba, pansi ndi pakati pa zala. Kuwerama kukavuta ndimaika kagalasi pansi, kapena mwana wanga wamkazi amandionera. Ndimafufuza matuza, zikang'a, malo ofiira, kachilonda kalikonse. Sindiyenda ulendo wanga ndi patapata kapena wopanda nsapato, ngakhale pabwalo. Ndinapeza nsapato zamasewera pakaunjika, zotakasuka kuzala, ndipo ndimavala ndi sokosi, nditayamba ndagwedeza ndi kupisamo dzanja kuti mwina mwalowa kamwala. Chenjezo limodzi ndi la botolo la madzi otentha. Kutentha kumatonthoza ululu wa fibromyalgia, ndipo ine ndimaika botolo lokulunga m'nsalu pamsana ndi pamapewa. Koma kumapazi ayi, ndipo sindiwotha mapazi pafupi ndi mbaula, pakuti phazi la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Madzi osamba ndimawayesa ndi chigongono. Chilonda cha paphazi chikaoneka, kuyenda kumaima ndipo ndimapita kuchipatala osadikira tsiku langa.

Kuwonjezera pa kuyenda, kawiri pa sabata ndimalimbitsa minofu, chifukwa minofu ndi imene imatenga shuga wambiri m'magazi. Sizifuna zida. Kukhala pampando n'kuimirira osagwira, kasanu. Kukankha khoma ndi manja. Kukweza timabotolo ta madzi ta theka la lita. Kuima pazala nditagwira tebulo. Ndimachita mosathamanga, ndikupuma, osamanga mpweya, ndipo ndimalekeza ndisanatope. Amene shuga anawakhudza maso afunse kaye asanayambe zonyamula zolemera kapena zoweramitsa mutu, chifukwa kudzikakamiza kukhoza kutulutsa magazi m'kati mwa diso. Maso a wodwala shuga amafunika kuyezedwa chaka chilichonse ngakhale akuona bwino. Kuno ku Blantyre kuli chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth. Pamakina osokera ndimaimirira mphindi 30 zilizonse, ndipo foni ndi imene imandikumbutsa. Ndimasita chovala, kudula nsalu choimirira, kapena kungozungulira shopu. Kukhala nthawi yaitali kumaumitsa thupi komanso kumakweza shuga, ndiye apa matenda anga awiri amagwirizana.

Ndipo ndimavina. Ku kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu timaimba tikuponda, ndipo ndinapeza kuti nyimbo ikamamveka thupi limayenda mosaumira. Ndimavina nyimbo ziwiri, yachitatu ndimaimba nditakhala. Masiku a mvula ndimatsegula wailesi n'kuponda m'nyumba mphindi zanga zomwe zija. Amene ali pafupi ndi nyanja kapena dziwe losambira, kuyenda m'madzi ofunda kumadziwika kuti kumathandiza fibromyalgia chifukwa madzi amanyamula thupi. Kunyanja mungosamala likodzo ndi zobaya kumapazi.

Nyengo imasintha zinthu. Mu June ndi July, Chiperoni akabwera ndi chifunga ndi kamvula kake, thupi langa limauma kwambiri, ndiye ulendo wa m'mawa ndimausunthira dzuwa likakwera ndipo ndimavala zofunda. Mu October ndi November vuto limakhala kutentha. Shuga akakwera thupi limataya madzi, thukuta n'kuwonjezera, ndiye ndimayenda kukacha kapena dzuwa litapendeka, botolo la madzi lili m'manja. Ludzu ndimalithetsa ndi madzi. Thobwa ndi Sobo zili ndi shuga wambiri.

Za mankhwala a ululu ndinenepo mwachidule, chifukwa ambiri timangogula pagolosale. Brufen, Indocid ndi diclofenac sathandiza kwenikweni fibromyalgia, pakuti si matenda otupitsa, ndipo kuwamwa kawirikawiri kumawononga impso, zimene shuga akuzivutitsa kale. Prednisolone, amene ena amapatsana akamva za kuphwanya kwa thupi, amakweza shuga kwambiri. Ine ndimamwa amitriptyline wochepa madzulo, amene amathandiza tulo ndi ululu wa mitsempha. Amaumitsa kukamwa, amawonjezera chilakolako cha chakudya, ndipo ukamumwa mochedwa umadzuka mutu uli wolemera, ndiye ndimamwa kukangoda kuti m'mawa ndithe kuyenda. Pregabalin ndi duloxetine amagwiranso ntchito pa fibromyalgia ndi pa ululu wa mitsempha wa shuga, koma ndi okwera mtengo, ndipo pregabalin amanenepetsa anthu ena. Zonsezi n'zokambirana ndi dokotala amene akudziwa kuti muli ndi matenda onse awiri. Mukalowa m'chipinda, nenani onse, ngakhale tsikulo likhale la shuga lokha.

Masiku oipa akadalipo. Amabwera ndikasowa tulo, ndikadwala chimfine, kukazizira, kapena pakhomo pakakhala nkhawa. Kale tsiku loterolo ndinkagona osadzuka. Panopa ndimadula muyeso pakati kapena kuposerapo, koma sindifika pa ziro. Ngati msewu sutheka, ndimayenda kuchoka kuchipinda kufika pakhonde n'kubwerera, mphindi ziwiri, ndikatha kudya. Ngati zimenezonso zavuta, ndimagwedeza mapazi, kupinda mawondo ndi kutambasula manja ndili chigonere. Chakudya sindidumpha ngakhale chilakolako chitasowa, chifukwa mankhwala a shuga ali m'thupi, koma ndimachepetsa nsima n'kuchulutsa masamba ndi nyemba podziwa kuti tsikulo thupi siligwiritsa ntchito zambiri. Likadutsa vutolo sindilumphira pamene ndinalekezera. Ndimakwera pang'onopang'ono masiku angapo.

Pali ululu umene suyenera kuponyedwa pa fibromyalgia. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa poyenda, kubanika kosazolowereka, chizungulire chofuna kugwetsa, mwendo umodzi kutupa, katumba kukokana nthawi zonse ukayenda n'kusiya ukaima, mbali imodzi ya thupi kufooka, kutentha thupi. Wodwala shuga ali pa chiopsezo chachikulu cha matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi, ndipo nthawi zina mtima umavuta popanda ululu woonekera. Munthu amene wazolowera kuwawa tsiku lililonse amachedwa kuthamangira kuchipatala, ndipo a pakhomo nawonso amazolowera kumumva akudandaula. Ululu wachilendo, wosafanana ndi umene mumaudziwa, ukayezedwe tsiku lomwelo.

Ululu wanga sunathe, ndipo sindikulonjeza aliyense kuti wake udzatha. Chimene chasintha n'chakuti masiku ogona achepa, tulo tayamba kupumitsa, ndimamaliza madiresi a anthu pa nthawi yake, ndipo HbA1c, muyeso uja umaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayo, yatsika kuyandikira 7 imene dokotala amafuna. Bambo a kunyumba, amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, anayamba kundiperekeza ulendo wa madzulo, ndipo ndi iwo amene amayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Mayi, zakwana, tiyeni tibwerere," ngakhale tsiku limene ine ndikufuna kupitirira.

Ngati mukufuna kuyamba, pemphani kuchipatala kuti akutumizeni kwa a mafizo. Zipatala zazikulu zili nawo, ndipo ena amapezeka m'zipatala za m'maboma. Pitani ndi buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mumamwa. Pemphani kuti akuyezeni mapazi ngati akumva bwino, kuthamanga kwa magazi ndi impso musanayambe, ndipo funsani mwachindunji ngati mankhwala anu a shuga ali m'gulu la otsitsa shuga mopyola. Kumene kulibe wa mafizo, funso limene anandifunsa lija mukhoza kudzifunsa nokha: tsiku loipa ndingayende mphindi zingati osadzagona nazo mawa? Chotsanipo pang'ono pa nambala imeneyo, ndipo yendani zotsalazo mukatha kudya nkhomaliro, maswiti ali m'thumba.